Agogo anga anatsala mu disiketi

Chaka chatha, mwezi wa Juni, tinatsegula sutikesi ya chitsulo ya malemu amalume anga kwathu ku Ngabu. Inali itakhala pansi pa bedi chiikireni maliro awo, poti palibe amene ankafuna kukhala woyamba kuigwira. Azakhali atamasula kiyi pa nsonga ya chitenje, tinapezamo mataye awiri, satifiketi ya kutayipa, kabuku kosungira ndalama ku positi ofesi, ndi kabokosi ka pulasitiki. M'kabokosimo munali madisiketi 9. Atatu anali olembedwa pamwamba ndi bolopeni yabuluu: AGOGO 1, AGOGO 2, AGOGO 3. Dzanja lake linali langa, la nthawi imene ndinali Fomu 3.

Mdzukulu wa amalumewo, mtsikana wa zaka 15 amene foni siichoka m'manja mwake, anatola imodzi n'kumaitembenuzatembenuza.

"Ankolo, timeneti ndi timemori khadi takale eti?"

Ndinamuuza kuti sanaphonye kwenikweni. Kenako ndinatuluka n'kukakhala pansi pa mtengo wa nimu, chifukwa mtima unali utayamba kugunda mosadziwika bwino.

Ambiri a inu mukuwerenga izi pa foni, ndiye ndiyambe ndafotokoza kaye kuti disiketi n'chiyani. Ndi kambale kopyapyala ka pulasitiki, kofewa, kopakidwa fumbi la chitsulo lomwe limagwira maginito. Kambaleko kamakhala m'chikuto cholimba cha makona anayi, chokwana m'thumba la shati, chokhala ndi kachitseko kachitsulo kotsetsereka. Ukailowetsa mu kompyuta inkati kwa! Kachitseko n'kutseguka, kambale n'kuyamba kuzungulira, kamutu ka makina n'kumakhudza pamwamba pake polemba kapena powerenga. Phokoso lake linkamveka chipinda chonse, kurr, kurr, ngati chigayo chakutali.

Kampani ya IBM ndi imene inatulutsa disiketi yoyamba mu 1971, ndipo inali ya mainchesi 8, kukula ngati mbale yodyera nsima. Mu 1976 kunabwera ya mainchesi 5 ndi kota. Imene ife tinaidziwa, ya mainchesi 3 ndi theka, inachokera ku kampani ya Sony ya ku Japan kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo pofika 1987 inali itayamba kunyamula megabayiti 1.44. Chithunzi chimodzi chimene mwadzijambula lero m'mawa sichingakwanemo. Koma mawu okhaokha opanda zithunzi ankalowamo masamba mazanamazana, ndiye kwa ife kanali kankhokwe ndithu. Ndipo musaseke msanga: hadi disiki yoyamba, imene IBM yomweyo inatulutsa mu 1956, inali ndi mbale zachitsulo 50, inkalemera pafupifupi tani imodzi, koma inkasunga zilembo 5 miliyoni basi.

Mwina mukudabwa kuti kompyuta inkatani ku Ngabu m'zaka za m'ma 1990. Anthu akumtunda akamva dzinali amangoganiza za ng'ombe, mbuzi ndi kutentha. Koma pajatu pano ndi pamene pali likulu la ntchito za ulimi za chigwa chonse cha Shire, lomwe lero limatchedwa Shire Valley ADD, komanso malo ofufuzira za mbewu. Kumene kuli thonje, ngongole za alimi, madibi a ng'ombe ndi zoyezera mvula, kumakhalanso manambala ofunika kulembedwa ndi malipoti ofunika kutumizidwa. Kuonjezera apo, nkhondo ya ku Mozambique inabweretsa anthu othawa kwawo ambirimbiri ku Nsanje ndi ku Chikwawa, chilala cha 1992 chinabwera ndi mabungwe ogawa chakudya, ndipo boma litasintha mu 1994 mabungwe ang'onoang'ono anachita kuphukira ngati bowa. Lililonse linkafuna lipoti lotayipidwa bwino.

Amalume ankagwira ntchito m'kabungwe kena kotero, kothandiza alimi. Anali wotayipa weniweni wa makina akale aja, a kaboni ndi sitensulo, amene ukalakwitsa chilembo chimodzi umafufuta ndi mankhwala oyera n'kudikira aume. Kompyuta itabwera mu 1995, anagona masiku angapo osapeza tulo poganiza kuti ntchito yawathera. Kenako anangoti kuipha ndi kuiphunzira. Anaiphunziradi, kungoti dzanja silinasinthe: ankamenya kiyibodi ndi mphamvu za pa makina akale, moti ukamadutsa pamsewu unkadziwa kuti akuluwo afika.

Makinawo anali a mtundu wa 486, ogwiritsidwapo kale ntchito. Anatsika nawo pa Thabwa kuchokera ku Blantyre atawakulunga m'matiresi kumbuyo kwa pikiapu, ngati wodwala. Atafika anawapatsa chipinda chozizira kuposa zonse. Mu Okotobala ndi Novembala, pamene kutentha kwa kuno kumadutsa madigiri 40, fani imodzi yokha imene inalipo inkaloza kompyuta, anthu akuchita thukuta kamukamu pambali. Azakhali anaisokera chophimba cha chitenje choteteza ku fumbi. Malamulo ake analipo ngati a kutchalitchi: osadya pafupi, osasiya disiketi padzuwa, osaiika pafupi ndi sipika ya wailesi chifukwa muli maginito, osatsegula kachitseko n'kugwira mkati. Ndipo loposa onse linali la kuseva. Magetsi ankangoti phethi nthawi ina iliyonse, sikirini n'kuda bii, ntchito ya tsiku lonse n'kupita. Amalume ankakonda kunena kuti, "Chimene sunaseve si chako, mwana iwe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

Za intaneti tinkangozimva. Ku Chancellor College ku Zomba anali atayamba kutumizirana maimelo kumayambiriro kwa m'ma 1990 pogwiritsa ntchito FidoNet, njira imene makompyuta ankaimbirana foni pa nthawi zoikika n'kupatsana makalata. Kampani ya MalawiNet inayamba kugulitsa intaneti mu 1997. Koma izo zinali za m'tauni. Kwa ife lipoti likatha linkalowa mu disiketi, disiketi mu envulopu, envulopu m'manja mwa kondakitala. Intaneti yathu inali minibasi, ndipo ikafera ku Nchalo ndiye kuti netiweki yavuta. Ngakhale Windows 95 yeniyeniyo inkabwera m'madisiketi 13. Unkakhala pamenepo n'kumalowetsa imodziimodzi, ukupemphera kuti ya nambala 11 isakukane.

Tsono nkhani ya agogo inabwera motere. Tikutsekera sukulu mu 1998, aphunzitsi a mbiri yakale anatipatsa ntchito ya patchuthi: aliyense akafunse munthu wamkulu wa m'banja mwake kuti makolo ake anachokera kuti. Anzanga ambiri analemba tsamba limodzi. Ine ndinakodwa, chifukwa agogo, amayi a amayi anga ndi amalume, anali asanafunsidwepo ndi munthu, ndipo atayamba sanafune kusiya.

Ankayankhula Chisena chosakaniza ndi Chimang'anja. Anabadwira kutsidya kwa malire, cha ku mtsinje wa Zambezi. Anandiuza za chibalo, ntchito yokakamiza imene Apwitikizi ankagwiritsa amuna, ndi za thonje limene anthu ankalima mokakamizidwa n'kuligulitsa pa mtengo wosautsa, chimanga ndi mapira zikufera m'tchire. Anandiuza mmene anathawira ali kamtsikana, akuyenda usiku motsatira njanji yochokera ku mlatho wa Dona Ana, umene unatsegulidwa mu 1935, mpaka kufika ku Port Herald, lomwe ndi dzina lakale la Nsanje. Anandiuza za njala ya 1949, mmene ankalowera m'madambo kukazula nyika, ng'ona zili momwemo, mwana ali kumsana. Ndipo ananditchulira mayina 8 a makolo awo motsatizana, dzina la mudzi umene anabadwira, ndi mtengo umene amayi awo anaikidwa pansi pake. Mayinawo ankawatchula mofulumira, mosakayika, ngati mwana wowerenga manambala.

Ndinalemba masabata atatu, makope awiri kudzaza. Amalume atawerenga anakhala chete nthawi yaitali, poti zina mwa zimenezo nawonso anali asanazimvepo. Kenako anati, "Kope limadyedwa ndi chiswe. Tiike mu kompyuta zimenezi, m'menemo zinthu sizifa."

Anapempha kwa abwana awo, ndipo anandilola kumabwera Loweruka masana ofesi ikatsekedwa. Ndinkatayipa ndi zala ziwiri, kusakasaka chilembo chilichonse ngati nkhuku yotola mapira. Microsoft Word inkadula mzere wofiira pansi pa liwu lililonse la Chichewa ndi Chisena, tsamba lonse psuu, ngati kope limene lagwa m'manja mwa mphunzitsi wokwiya. Chilembo cha ŵ chinalibe batani lake, ndiye tinkangolemba w wamba. Koma nditaona mawu a agogo ataima pa sikirini m'zilembo zofanana ndi za m'nyuzipepala, ndinamva chinthu chimene sindinachimvenso pa makina ena aliwonse. Chiyankhulo chathu, cha kuno kotentha kuno, chinali chitalowa m'makina a azungu ndipo makinawo sanaphulike.

Anakwana masamba 42. Tinawatulutsa kamodzi pa pulinta ya Epson, ija ya riboni yolira ngati nyenje, pa mapepala olumikizana okhala ndi timabowo m'mbali. Ndinakawawerengera agogo pakhonde madzulo awiri. Anandikonza dzina limodzi, n'kunena kuti, "Takhuta." Kenako anapempha kuti agwireko disiketi. Anaiyeza kulemera kwake m'dzanja, anainunkhiza, n'kundiyang'ana.

"Ndiye wandiika m'kanthu aka, mdzukulu wanga? Usanditayetu."

Amalume, munthu wosamala, anati tiseve pa madisiketi atatu kuti imodzi ikafa ina itsale. Nzeru yake inali yabwino. Cholakwika n'chakuti onse atatu tinawaika m'bokosi limodzi.

Zotsatira zake zinayenda pang'onopang'ono, moti sindinazione. Makope awiri aja ndinawasiya poyera chifukwa zonse zinali mu kompyuta, ndipo mlongo wanga anamalizira masamba ake kukulungira zitumbuwa. Sindimunena, ndine ndinamuuza kuti alibenso ntchito. Kabungwe ka amalume kanatseka mu 2001, kompyuta ija inakwezedwanso pikiapu kubwerera kumtunda ndi zonse zimene zinali m'mimba mwake. Agogo anatisiya mu 2002, chaka cha njala ija, ine ndili ku Blantyre kufunafuna ntchito. Mapepala a pa pulinta anali kwa amayi, kumudzi kwathu kumunsi cha ku Shire, mpaka madzi osefukira a mu Januwale 2015 anadzalowa usiku. Amayi anatuluka ndi bulangeti ndi foni basi. Atandiimbira, ndinadzitonthoza kuti paja madisiketi ali kwa amalume. Ndipo sindinapite kukawaona. Chaka chilichonse ndinkati ndikapita pa Khirisimasi.

Pamene ine ndinkati mawa, mawa, dziko linali likuthamanga. Mu 1998 momwemo, ndikulimbana ndi zala ziwiri ku Ngabu, kampani ya Apple inatulutsa kompyuta ya iMac yopanda polowetsa disiketi. Masidi anabwera ndi megabayiti 700, tonse tinaphunzira liwu loti kubena. Mafulashi oyamba anatuluka mu 2000, ena a megabayiti 8 okha. Yanga yoyamba inali ya 128, ndipo ndinkaivala m'khosi ngati mendulo kuti anthu adziwe kuti ndine wa makompyuta. Kenako anabwera mamemori khadi, ndi anyamata a pamsika oika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni. Sony inasiya kupanga madisiketi mu 2011. Boma la Japan, limene linakakamira nthawi yaitali, linachotsa malamulo ofuna kuti zikalata zina ziziperekedwa pa disiketi mu 2024. Chosungira chilichonse chinkabwera ndi lonjezo lofanana ndi la amalume, loti m'menemu zinthu sizifa, ndipo chilichonse chinkatha zaka zochepa n'kusowa makina ochiwerengera.

Nditachoka pansi pa nimu paja, ndinapempha azakhali kuti nditenge bokosilo. Ku Limbe ndinapeza mnyamata wokonza makompyuta amene anali ndi kamakina kowerengera madisiketi kolumikiza pa USB. Anaseka atawaona, koma nditamufotokozera anasiya kuseka n'kutseka chitseko cha shopu.

AGOGO 1 inalira kurr, kurr kanthawi, kenako kompyuta inafunsa ngati tikufuna kuifufuta kuti ikhale yatsopano. Tinakana. AGOGO 2 titatsegula kachitseko tinaona chuku choyera chitayala pa kambale. Mnyamatayo anandifotokozera zimene ndinkadziwa kale: kamutu kowerengera kamakhudza kambale mwachindunji, ndiye fumbi kapena chuku chilichonse chimakanda, ndipo kutentha ndi chinyezi zimafooketsa utoto wa maginito uja. Madisiketi amenewa anali atapirira Okotobala wa ku Ngabu zaka zoposa 25, m'sutikesi ya chitsulo, m'nyumba ya malata. Zoseketsa zake n'zakuti ena 6 aja ambiri anatseguka bwinobwino. Munali makalata a kuofesi, bajeti ya msonkhano wa alimi, ndi kalata ya amalume yofunsira ntchito kwina imene sanaitumize.

AGOGO 3 anaipukuta mosamala, n'kuiyesa kasanu. Kachisanu fayilo inatuluka, koma yoduka. Titaitsegula munali timabokosi ndi zizindikiro zachilendo masamba ndi masamba, ndipo pakatipakati, ngati zilumba pa nthawi ya madzi osefukira, panali mawu owerengeka. Titawasonkhanitsa anakwana masamba 6 mwa 42 aja. Ulendo wa panjanji ulipo. Nyika ndi ng'ona zilipo. Mwa mayina 8, atsala 4. Dzina la mudzi ndi la mtengo uja palibe.

Ndili m'minibasi kutsika Thabwa, chigwa chonse chili tetete kumunsi, ndinayesa kukumbukira mayina osowawo pandekha. Ndinawamva ndi makutu anga, ndinawalemba ndi bolopeni, ndinawatayipa ndi zala ziwiri, ndinawawerenga mokweza pakhonde. Koma m'mutu munali zii. Apa ndi pamene pandipweteka kwambiri. Agogo anasunga mayina amenewo zaka zoposa 50 opanda kope, opanda magetsi, atawoloka nawo malire ndi njala, chifukwa ankadziwa kuti akawaiwala palibenso kwina kumene ali. Ine nditangowaseva ndinawatula. Disiketi inandipatsa chilolezo choiwala, ndipo ndinachilandira ndi manja awiri.

Sindikunena kuti makina ndi oipa, ayi. Popanda disiketi ija ngakhale masamba 6 amenewa sakanakhalapo. Ndipo kunena zoona ndimaisowa nthawi imeneyo. Malo anali ochepa, ndiye unkasankha choti usunge, ndipo fayilo iliyonse unkaidziwa dzina ngati mbuzi za m'khola mwako. Lero foni yanga ili ndi zithunzi masauzande zimene sindinazionenso chizijambulireni.

Koma inu amene mukuseka megabayiti 1.44, taonani m'manja mwanumo. Memori khadi ndi fulashi zimasunga zinthu ngati timphamvu tamagetsi totsekeredwa m'tizipinda tosaoneka ndi maso, ndipo timphamvuto timatha kuchucha pakapita zaka, makamaka kotentha ngati kuno. Zimene mumati zili pa intaneti zili m'nyumba ya munthu wina kutali, ndipo khomo lake ndi pasiwedi imene mwina anakupangirani mnyamata wa pamsika tsiku limene munagula foni. Kuyambira Disembala 2023, Google inanena kuti ikhoza kufufuta akaunti imene yatha zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito. Ndipo kuno tikudziwa zimene madzi amachita. Namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, Freddy anabwera mu Malichi 2023. Ndi mafoni angati anapita ndi matope, muli mawu a anthu amene lero kulibe? Voisi noti yomaliza ya amayi ako ikakhala pa foni imodzi yokha, ili m'bokosi limodzi ngati madisiketi anga atatu aja.

Masamba 6 aja ndawapulinta. Ena ali kwa msuweni wanga ku Nchalo, ena ku Blantyre, ena ndatumiza kwa mchimwene wanga ku Johannesburg. Mayina 4 aja ndawaloweza pamtima, ndimawatchula m'mawa ndikamasamba. Mtsikana wa timemori khadi uja ndi amene anaganiza zoti tikawawerengere amayi, iye akujambula mawu pa foni. Tili pakati powerenga, amayi anatiimitsa n'kutseka maso. Kenako anatchula dzina lachisanu, akuti ankalimva agogo akamalumbira.

Atsala atatu, ndi mudzi, ndi mtengo. Amayi akuti cha ku Bangula kuli gogo wina, msuweni wa agogo, amene anabwera naye limodzi panjanji paja ali wobereka kumsana. Akuti maso anasiya kuona koma mutu ukadali bwino. Loweruka likubwerali tikukwera minibasi yoyamba, ine ndi mtsikanayo. Iye watchaja foni ndi pawa banki. Ine ndagula kope ndi mabolopeni awiri, ndipo tagwirizana kuti pobwerera tizidzafunsana mayinawo njira yonse mpaka tidzatsike pa Ngabu.